Boma, Mishoni ndi Odzipereka: Mmene Uthenga wa Umoyo Umafikira Kumudzi

Tsiku la sikelo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi limayamba ndi mwambo umene mayi aliyense amaudziwa. Ana asanakwere sikelo, amayi amakhala pansi pakhonde kapena mumthunzi wa mtengo, naimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, kenaka namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amaimirira nalankhula kwa kanthawi. Alipo ena amene amayesa nthawi imeneyi yongochedwetsa anthu ofuna kubwerera kumunda, ndipo amafika dala maphunziro atatha. Otere amataya gawo lalikulu la chithandizo chimene anachiyendera ulendo wautali.

Phunziro la mwezi uno likunena za uthenga umenewu: kumene umachokera, njira zimene umayendamo, ndi chifukwa chake nthawi zina umafika kumudzi utapotoka kapena sufika konse. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa ntchito ya umoyo m'dziko muno sigwiridwa ndi Boma lokha. Mipingo, mabungwe amene si a Boma ndi anthu odzipereka a m'midzi amasenza nawo katunduyu. Boma ndi mabungwewa amapangana zinthu zambiri zothandiza anthu, koma mapanganowo amalembedwa m'maofesi, kawirikawiri m'Chingerezi, kutali ndi mudzi. Pangano limene mayi wa kumudzi sanalimve silingamuthandize kanthu, ngakhale litakhala labwino chotani.

Chiyambi cha mgwirizano

Zipatala zambiri zakale za m'Malawi zinamangidwa ndi mipingo. Nkhoma, Livingstonia, Ekwendeni, Embangweni, Likuni, Mua, Malamulo, Nguludi, Malosa ndi Mulanje Mishoni ndi malo amene agogo a anthu ambiri anabadwira kapena kuchiritsidwa. Pa chilumba cha Likoma odwala amadalira chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican. M'chaka cha 1966 zipatala zotere zinakhazikitsa bungwe limodzi lozilankhulira pamaso pa Boma, lotchedwa PHAM, limene mu 1992 linasintha dzina kukhala CHAM. Eni ake a bungweli ndi mipingo ya Katolika pamodzi ndi mipingo ya m'bungwe la Malawi Council of Churches. Zipatala zake, zazikulu ndi zazing'ono, ndi zoposa 170, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha chipatala m'dziko muno. Zambiri zili kumidzi, kumene chipatala cha Boma chili kutali. Anamwino ambiri ogwira ntchito m'zipatala za Boma anaphunziranso m'masukulu a mishoni.

Pali kusiyana kumodzi kumene munthu aliyense wa kumudzi amakudziwa popanda womuphunzitsa: ku chipatala cha Boma salipira, ku chipatala cha mishoni amalipira. Ndalamazo sizifunidwa chifukwa cha umbombo ayi. Ndi zogulira mankhwala, mafuta a galimoto ya odwala ndi zina zoyendetsera ntchito. Komabe kwa banja limene ligulitsa mbewu kamodzi pachaka, ngakhale ndalama yochepa ndi phiri. Pofuna kupeputsa vutoli, mu 2002 Boma ndi CHAM anapangana kuti Boma lizilipira malipiro a anthu ogwira ntchito m'zipatala za mishoni. Kuyambira mu 2006 panayambanso mapangano ena apadera, amene ayenera kufotokozedwa bwino, pakuti ndiwo amene anthu ambiri sanawamvetse.

Pangano la chithandizo chaulere

Cholinga cha Unduna wa Zaumoyo ndi chakuti munthu aliyense apeze chithandizo chaulere asanayende mtunda wautali. M'madera ambiri chipatala chokhacho chimene chili pafupi chotero ndi cha mishoni. M'malo momanga chipatala china pambali pa chimene chilipo kale, ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo imalemberana pangano ndi chipatala cha mishonicho: chipatala chithandize anthu ena popanda kuwalipitsa, ndipo Boma libweze ndalama za ntchitoyo pambuyo pake.

Anthu ena amenewa ndani? Apa ndiye pagona nkhani. Mapangano ambiri amakhudza amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene: sikelo ya amayi, kuchira, opaleshoni yotulutsa mwana pamene chipatala chili ndi chipinda chake, ndi chisamaliro cha mayi ndi khanda atachira. Mapangano ena amaphatikizapo ana osakwana zaka 5. Koma si chipatala chilichonse cha mishoni chimene chili ndi pangano, ndipo mapanganowo safanana. Bambo wothyoka mwendo angathe kulipira pa chipatala chomwecho chimene mkazi wake anachilirapo kwaulere. Pangano lili ndi nthawi yake. Likatha limafunika kulembedwanso. Pakhalanso nthawi zina pamene ndalama zochokera ku Boma zinachedwa, zipatala zina nkuyambiranso kulipitsa kwa kanthawi. Kumene mapanganowa anayenda bwino, amayi obwera ku sikelo ndi ochilira kuchipatala anachuluka.

Chitsanzo ichi chionetsa chimene chimachitika uthenga ukapanda kufika. Mayi woyembekezera akhala m'mudzi umene uli pa mtunda wa ola limodzi kuchokera ku chipatala cha mishoni, ndi maola anayi kuchokera ku chipatala cha Boma. Zaka zapitazo mlamu wake anachilira ku mishoniko, banja nkugulitsa mbuzi kuti lilipire. Nkhani ya mbuziyo mudzi wonse umaikumbukira. Chaka chatha chipatalacho chinalemberana pangano ndi Boma, ndipo kalata inapachikidwa pakhomo la ofesi, koma mayiyu sanapiteko chifukwa choopa kulipira, choncho kalatayo sanaione. Matenda amuyamba usiku. Apongozi ake ndi mwamuna wake akambirana: ku mishoni kulibe ndalama, ku Boma nkutali, adikire kuche. Mwana abadwira m'nyumba, nsengwa ichedwa kutuluka, ndipo mayi ayamba kutaya magazi. Mayi wotaya magazi kwambiri atachira angathe kumwalira m'maola awiri okha. Bedi, namwino ndi mankhwala oletsa magazi zinali pa mtunda wa ola limodzi, Boma litavomera kale kulipira. Banjali linasowa mawu ochepa chabe, akuti chaka chino amayi oyembekezera salipira.

Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli. Uthenga ufika, koma utakula panjira. Wina amva kuti ku mishoni tsopano nkwaulere, osamva kuti ndi kwa amayi oyembekezera okha. Anyamula agogo ake panjinga, afika, auzidwa kuti alipire, ndipo abwerera kumudzi ali wokwiya nanena kuti achipatala akuba ndalama za anthu. Mawu okwiyawo amayenda msanga kuposa kalata ya pakhomo la ofesi, ndipo mayi wina amene akanathandizidwa kwaulere amamva zimenezo nakhala pakhomo. Nchifukwa chake wolengeza za pangano ayenera kunena zinthu zitatu pamodzi: amene salipira, chithandizo chimene sichilipiridwa, ndi tsiku limene panganolo lidzatha. Likaimitsidwa, anthu auzidwenso msanga ndi njira zomwezo zimene anauzidwira poyamba. Kubisa nkhani yoipa kumaononga chikhulupiriro chimene chidzafunike pa nkhani ina mawa.

Njira zimene uthenga umayendamo

Njira yoyamba ndi mlangizi wa zaumoyo. Ntchito imeneyi ndi yakale. Inayamba ndi anthu olembedwa kwa kanthawi kuti azibaya katemera wa nthomba, ndipo kolera itafika m'dziko muno mu 1973 panalembedwa ena othandiza kulimbana nayo. Pang'ono ndi pang'ono ntchito yawo inakula kufikira katemera wa ana, sikelo ya m'midzi, kuyendera zimbudzi ndi zitsime, ndi kuthandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Cholinga cha Boma ndi chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera ambiri mmodzi amasenza ochuluka kuposa pamenepo. Mlangizi ndi wantchito wa Boma ngakhale pamene akugwira ntchito m'dera la chipatala cha mishoni, kotero ndiye woyenera kudziwa bwino za mbali zonse ziwiri.

Mlangizi mmodzi sangafike khomo lililonse, ndipo apa ndi pamene odzipereka amalowa. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imasankhidwa ndi anthu eni ake pamaso pa mfumu. Palinso odzipereka a Red Cross, bungwe limene lamulo la dziko lino limalidziwa ngati lothandiza Boma pa nthawi ya ngozi ndi miliri, ndi magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti amene amayendera odwala. Anthu amenewa salandira malipiro. Mphamvu yawo ndi yakuti ndi a pomwepo: amatunga madzi pa mjigo womwewo, amakumana ndi anzawo kuchigayo ndi pamaliro, amadziwa nyumba imene muli mayi woyembekezera amene sanayambe sikelo. Mlendo wobwera pa galimoto ndi chimkuzamawu amamveka patali, koma akachoka palibe womufunsa. Wodzipereka wa m'mudzi amafunsidwa ngakhale madzulo, munthu atalingalira bwino zimene anamva.

Mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo ndi njira yachitatu. Uthenga wolengezedwa ndi nyakwawa pabwalo, kapena wowerengedwa m'tchalitchi Lamulungu kapena Loweruka ndi mumzikiti Lachisanu, umafika kwa abambo ndi agogo, amene sapezeka pa sikelo koma ndiwo amagamula ngati mayi apite kuchidikiro kapena ayi. Ogwira ntchito zaumoyo nthawi zambiri amalakwa pophunzitsa mayi yekha, ngati kuti ndalama ya kabaza ili m'manja mwake.

Wailesi, nyimbo ndi zisudzo zili ndi malo ake. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la ku Chancellor College linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, ndipo masewero ake ankaimitsidwa pakati kuti oonerera anene okha chochita ndi chitsime chauve kapena mudzi wopanda zimbudzi. Lamya za m'manja zinatsegula njira ina. Mu 2011 ku Balaka kunayamba Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuti amayi azifunsa malangizo pa lamya kwaulere. Pambuyo pake ntchitoyi inafalikira dziko lonse, Boma nkuitenga kukhala yake. Za zikwangwani zopachika pakhoma, zoona zake nzakuti zimathandiza pang'ono ngati palibe munthu wozifotokoza. Chikwangwani chodzaza ndi malembo ang'onoang'ono, chopachikidwa pamwamba pafupi ndi denga, chimakongoletsa khoma chabe.

Uthenga ukhale umodzi

Kuchuluka kwa amithenga nkwabwino, koma kuli ndi ngozi yake. Mabungwe awiri kapena atatu akafika m'mudzi umodzi, lililonse ndi malangizo ake, anthu amasokonezeka, ndipo wosokonezeka amabwerera ku zimene anazolowera. Kale amayi ankaphunzitsidwa kusakaniza okha shuga ndi mchere m'madzi kuti amwetse mwana wotsegula m'mimba. Wophunzitsa wina ankanena za supuni, wina za kapu, wina za botolo, wina za zala. Miyezo ikasokonezeka mchere umachuluka, ndipo madzi amchere wambiri ndi oopsa kwa mwana amene thupi lake latha kale madzi. Paketi ya thanzi inachepetsa vutoli chifukwa muyezo wake ndi umodzi: paketi imodzi isungunulidwe yonse mu lita imodzi ya madzi abwino, osaonjezera shuga kapena mchere, ndipo otsala atayidwe pakapita maola 24. Namwino wa Boma, sisitere wa ku mishoni ndi wodzipereka wa Red Cross ayenera kunena zimenezi mofanana, liwu ndi liwu.

Pofuna kuti zitero, lamulo la ntchito ndi lakuti bungwe lililonse lofuna kuphunzitsa za umoyo liyambe ladzionetsa ku ofesi ya bwanamkubwa ndi ku ofesi ya zaumoyo ya bomalo, ndipo pofika m'mudzi lidzere kwa mfumu ndi kwa mlangizi. Mauthenga osindikiza amayenera kuonedwa ndi Unduna asanafalitsidwe. Anthu a m'mudzi ali ndi ufulu wofunsa mlendo aliyense wobwera ndi mankhwala kapena malangizo ngati mlangizi wawo akudziwa za kubwera kwake. Mlendo wa zolinga zabwino sakwiya ndi funso lotere.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unayesa mgwirizano wonsewu. Unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, madzi osefukira ataononga zimbudzi ndi zitsime m'chigawo cha kumwera, ndipo unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Unali mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene Malawi anaionapo. Mu Janyuwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Febuluwale Boma linakhazikitsa ntchito yotchedwa Tithetse Kolera. Alangizi ndi odzipereka anayenda khomo ndi khomo, kugawa kolorini, kuphunzitsa kuti madzi othira mankhwalawa adikire mphindi 30 asanamwedwe, ndi kulimbikitsa zimbudzi ndi mipondagiya yosambira m'manja. M'midzi ina munakhazikitsidwa malo omwetsera thanzi, oyang'aniridwa ndi odzipereka, kuti wodwala ayambe kumwa asananyamuke ulendo wa kuchipatala.

Ambiri mwa omwalira anafika kuchipatala mochedwa, ena sanafike konse. Kolera ingathe kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa, chikhalirecho wofika msanga amachira ndi thanzi kapena madzi a diripi. Chimene chinachedwetsa ena ndi mphekesera. Kunamveka kuti olowa m'matenti a kolera satulukamo amoyo, ndi kuti achipatala ali ndi zolinga zina pa matupi a omwalira. M'madera ena anthu anafika poukira ogwira ntchito zachipatala ndi kuononga katundu. Kunyoza anthu otere nkosavuta, koma sikuthandiza. Munthu amene m'bale wake anali bwino m'mawa, madzulo nkuuzidwa kuti wamwalira, ndi kuti banja lisasambitse thupi monga mwa mwambo, ali ndi mafunso enieni. Akasowa womuyankha, amayankhidwa ndi mphekesera. Yankho loona lilipo ndipo ndi losavuta kumva: thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tambiri, ndipo manja amene alisambitsa ndi omwewo amene adzaphika nsima ya pamaliro ndi kutunga madzi a anamalira. Mfumu, abusa kapena shehe akafotokozeredwa zimenezi mliri usanafike, ndipo banja likaloledwa kuona nkhope ya m'bale wawo ndi kupemphera, mkangano umachepa. Kufotokoza kumene kumayamba maliro atachitika kale kumapeza mitima itatentha.

Uthenga wochokera kumudzi

Kufikira pano phunziroli lanena za uthenga wotsika kuchokera ku maofesi. Koma Boma ndi mabungwe nawonso amafuna kumva, ndipo popanda anthu a m'midzi sangadziwe zambiri. Munthu wamkulu mmodzi akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga, mlangizi ayenera kumva tsiku lomwelo, wodwala ali kale panjira ya kuchipatala akumwa thanzi. Mwana wosakwana zaka 15 akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, nkhaniyo iyeneranso kufika msanga. Poliyo yolengezedwa mu Febuluwale 2022 inapezeka mwa mwana mmodzi wa ku Lilongwe, patapita zaka 30 matendawa asanaoneke m'dziko muno, ndipo chifukwa cha mwana mmodziyo ana mamiliyoni ambiri a m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo analandira katemera. Imfa ya mayi woyembekezera kapena wochira kumene, ngakhale itachitikira pakhomo, siyenera kubisidwa. Cholinga chofunsira si kupeza wolakwa, koma kudziwa chimene chinachedwetsa mayiyo, kuti wina asadzachedwe chimodzimodzi.

Madandaulo nawo ali ndi njira yake. Chipatala chaching'ono chilichonse, cha Boma kapena cha mishoni, chiyenera kukhala ndi komiti yoyang'anira, m'mene muli anthu osankhidwa kuchokera m'midzi yozungulira. Mamembala a komitiyi ndiwo ayenera kudziwa zimene zili m'pangano la chipatala chawo ndi Boma, nazifotokoza pamisonkhano ya m'midzi. M'zipatala zambiri mulinso munthu woikidwa kuti azilandira madandaulo a odwala. Mayi amene walipitsidwa pa chithandizo chimene anamva kuti nchaulere asunge lisiti lake nakaonane ndi mmodzi wa anthu amenewa. Mwina anamva molakwika, ndipo adzafotokozeredwa. Mwina chipatala chinalakwa, ndipo cholakwacho chidzakonzedwa asanalipitsidwe ena. Dandaulo lokambidwa pamjigo pokha silifika kwa amene angalikonze.

Odzipereka nawo ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi lomveka. Bungwe lina limapereka malaya, njinga ndi kangachepe pa tsiku la maphunziro, pamene komiti ya m'mudzi imene yagwira ntchito zaka zambiri silandira kanthu. Ntchito ya bungwelo ikatha patapita zaka ziwiri kapena zitatu, galimoto zimaleka kubwera, ndipo anthu sauzidwa chifukwa chake. Bungwe loyamba ntchito m'dera liyenera kunena poyera, pamaso pa mfumu ndi mlangizi, nthawi imene lidzakhale, ndi amene adzapitirize ntchitoyo likachoka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mayi woyamba sikelo, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati monga kuyenera, ali ndi nthawi yokwanira yofunsa mafunso ake matenda asanamuyambe. Afunse namwino ngati chipatalacho chili ndi pangano ndi Boma chaka chimenecho, ndi chithandizo chiti chimene sadzalipira. Afunse kumene adzatumizidwe ngati kuchira kutavuta, ndi amene adzalipire galimoto. Afunsenso ngati pali chidikiro ndi mwezi umene ayenera kupitako. Mayankhowo akawafotokoze kwa mwamuna wake ndi kwa apongozi ake tsiku lomwelo, ndipo ngati iwo akukayika, mlangizi kapena wa komiti ya zaumoyo aitanidwe kuti adzawafotokozere yekha pakhomo.